Zimene ndapeza pa funso la kuchedwa kwa ma amine mu kolamu ya C18

Mwezi wathawu ndinafunsa chifukwa chimene ma amine (mankhwala okhala ndi nayitrojeni) ankachedwera kutuluka mu kolamu ya C18 (chubu cholekanitsira mankhwala, chodzaza ndi silika wokutidwa ndi maunyolo a makaboni 18) kusiyana ndi zimene masamu anga ankalosera, masamu amene ankangoyang'ana mmene mankhwala amakanirana ndi madzi. Gwero lake ndalipeza tsopano. Pa pH 7 (pH ndi muyezo wa asidi m'madzi), magulu a silanol (Si-OH) otsalira osakutidwa pa silika amakhala ndi chaji ya negativu, motero amakoka ma amine a chaji ya pozitivu, kukokana kumene masamuwo sankakuwerengera n'komwe. Nditatsitsa pH kufika pa 3, kusiyanako kunachepa kwambiri. Panopa ndikutsatira njira ya akatswiri Snyder ndi Dolan, yomwe imagawa kukokana konse kwa mankhwala ndi kolamu m'zigawo zisanu, ndipo chigawo cha chaji ndicho chandithandiza koposa, ngakhale kuti ma asidi ena akundivutabe.