Bwanji "nyumba" ikubwerera ngati "n_umba" mu JavaScript?

Wangoyamba:
Akuluakulu, ndithandizeni, mutu waima. Ndimakonda kutenga kantchito kamodzi, n'kukalemba mu Python kaye, kenako mu JavaScript ndi mu C, kuti zilankhulo zitatu zolembera mapulogalamu a kompyutazi zindilowe m'magazi. Sabata ino ndatenga ka Caesar cipher kaja, kobisa mawu posuntha chilembo chilichonse malo atatu: a kukhala d, b kukhala e, z kuzungulira mpaka c.

Kubisa kukuyenda bwino konsekonse, "nyumba" ikusanduka "qbxped". Vuto labwera pobwezeretsa. Python ikundipatsa "nyumba" bwinobwino, koma JavaScript ndi C zikuti "n_umba". Ndayesa "madzi", zatuluka "mad`i". Mzere wake ndi umodzimodzi, ndinachita kukopera: ndikutenga malo a chilembo kuyambira 0 mpaka 25, n'kuwatcha n, kenako (n - 3) % 26 (% amapereka chotsala pogawa), n'kuwonjezera 97, yomwe ndi nambala ya a pa ASCII, mndandanda wopatsa chilembo chilichonse nambala yake. Ndaubwereza kuuwerenga mpaka maso kuwawa, sindikuona cholakwika.

Mkonda C:
Mwalakwitsa pang'ono chabe achimwene, ndipo ambirife tinagwamo m'dzenje lomweli. Chizindikiro cha % chimaoneka chofanana m'zilankhulo zonsezi, koma nambala ikatsika kupitirira 0 chimachita zosiyana.

Taonani y wa mu "nyumba". Pobisa wasanduka b, amene ali pa malo 1. Pobwezeretsa, 1 - 3 ndi -2. Python ikawerengera -2 % 26 imapereka 24, yemwe ndi y. Koma C ndi JavaScript zimasiya -2 momwemo, chifukwa kwa izo chotsala chimatenga chizindikiro (+ kapena -) cha nambala yomwe ikugawidwayo. Ndiye 97 - 2 ndi 95, ndipo pa ASCII 95 ndi kamzere kapansi kamene mukukaonako. Ka mu "madzi" kaja ndi 96. Mawu opanda x, y kapena z sangakuonetseni vutoli, n'chifukwa chake limabisala.

Lembani ((n - 3) % 26 + 26) % 26, zitheka. Apa poti mukusuntha ndi 3 yekha, (n + 23) % 26 ikukwaniranso.

Mayi wa Java:
Ndiwonjezereko pang'ono pa zomwe anena akuluwa. Gwero lake ndi kagawidwe. Mu C, -7 / 2 ndi -3, chifukwa amangodula zotsalazo kulowera ku 0. Mu Python, -7 // 2 ndi -4, chifukwa amatsikira pansi. Chotsala chimangotsatira kagawidweko. Ndipotu C yakale isanafike C99, zimenezi zinkatengera compiler (pulogalamu yomasulira zomwe mwalemba kuti kompyuta izimve) yomwe munthu akugwiritsa ntchito. Java ndi Go zili mbali ya C, Ruby ili mbali ya Python. Zothetsera vuto lomweli zilipo: mu Java muli Math.floorMod kuyambira Java 8, mu Rust muli rem_euclid.

Koma ine chondidandaulitsa ndi mawu oti "ndinachita kukopera". Mukakopera mzere ndi mzere, mukulembabe Python, mwangoiveka malaya ena. Tsekani fayilo yoyambayo, mulembe kuchokera m'mutu, ndipo musanayambe konzani mawu oyesera omwe akukhudza m'mphepete: "abc", "xyz", mawu opanda kanthu, zilembo zazikulu. Mukanayesa "xyz" tsiku loyamba, bwenzi mutagona msanga.

Mkonda C:
Pa zokoperazo sindikugwirizana nanu kwenikweni, mayi. Akanapanda kukopera, mwina akanalemba mwanjira ina n'kudutsa osadziwa kuti % ili ndi nkhope ziwiri. Kukoperako n'kumene kwaulula kusiyanaku. Za mawu oyeserazo ndiye mwalasa.

Wangoyamba:
Zikomo kwambiri nonse, zatheka! "xyz" ikupita n'kubwerera bwinobwino m'zilankhulo zonse zitatu. Ndinapita kukaona ASCII ija, 94 ndi ^, ndipo ndi zomwedi x ankasanduka ndisanakonze.

Poti mwandizolowetsa, nali lina. Ndayamba kantchito kosanja manambala, ndipo JavaScript ikuti [10, 9, 1].sort() ndi [1, 10, 9]. Kodi iyinso ndi nkhani ya % yomweyi?

Mayi wa Java:
Ayi, iyo ndi ina. Mukapanda kuiuza kafananitsidwe, sort() imasandutsa manambala kukhala mawu, ndiye "10" amatsogola "9" chifukwa akuyamba ndi 1. Lembani sort((a, b) => a - b).