Kasitomala akuchita dzanzi kumapazi pa misewu yafumbi: tiwagulitse nsapato yotani?

Makaniko wa ku Biwi

Akuluakulu ndi anzanga nonse a ntchito ya njinga, ndabwera ndi nkhani imene yandizunguza mutu. Ndili ndi kasitomala wanga, bambo amene amapalasa njinga ya gravel (yopangidwira misewu yafumbi) Loweruka lililonse, kuchokera ku Likuni kulowera ku Malingunde, nthawi zina mpaka m'nkhalango ya Dzalanyama. Akuti akapalasa maola awiri, zala za kuphazi lamanja zimachita dzanzi, ndipo pansi pa phazi, cha pamene zala zimayambira, pamaotcha kwambiri moti amaima n'kuvula nsapato. Ankavala nsapato ya saizi 43, ndipo poganiza kuti yawachepera anakagula 45 ya kaunjika. Dzanzi lachepako, koma tsopano chidendene chimavuka akamakwera chitunda ndipo atuluka matuza. Mapedulo awo ndi a SPD, aja a kampani ya Shimano amene nsapato imakolekeka pa pedulo. Akufuna kuitanitsa nsapato yatsopano ku Johannesburg kudzera mwa m'bale wawo, ndipo popeza katundu wotere savuta kugula koma kubweza, ndikufuna kuwauza zoona asanatulutse ndalama.

Wogulitsa nsapato ku msika wa Tsoka

Achimwene, bambowo asaitanitse kanthu musanawayeze phazi. Ikani pepala pansi molunjika khoma, iwo aimepo chidendene chitagunda khomalo, atavala sokosi zimene amapalasira, ndipo mulembe pamene chala chachitali chathera komanso mbali zonse ziwiri pamene phazi latambasuka kwambiri. Ayezedwe ataimirira, mapazi onse awiri, ndiponso madzulo osati m'mawa, chifukwa phazi limatupa tsiku likamapita, makamaka nyengo yotentha ya Okutobala ndi Novembala.

Pa masaizi a ku Ulaya, nambala imodzi imawonjezera pafupifupi mamilimita 6.7 m'litali, kutanthauza kuti pochoka pa 43 kupita pa 45 bambowo anawonjezera mamilimita oposa 13 kutsogolo, pamene m'lifupi anangopindula pang'ono. N'chifukwa chake dzanzi langochepa osatha, chidendene n'kuyamba kusewera. Pa ntchito yangayi ndaona kuti ambiri mwa ife, amene tinakula tikuyenda osavala kapena ndi patapata, tili ndi mapazi otambalala kutsogolo, pomwe nsapato zambiri za njinga zimasokedwa zopanikiza zala. Tulutsani insole (kachopondera ka m'kati mwa nsapato) ya 43 ija, muiike pansi, iwo aipondepo. Ngati phazi likusefukira m'mbali koma kutsogolo kwa zala kwatsala kampata, dziwani kuti utali unali bwino kale, chimene akusowa ndi nsapato yotakasuka. Shimano ndi Lake amapanga nsapato zolembedwa Wide, ndipo Sidi amazitchula kuti Mega.

Mayi wophunzitsa opalasa njinga, Area 47

Ndikugwirizana ndi bambo a ku Tsoka, koma ndikupempha kuti muonenso pamene cleat, kachitsulo ka pansi pa nsapato kamene kamakoleka pa pedulo, yamangidwa, chifukwa kuotcha kumene mukufotokozako kawirikawiri kumachokera pamenepo. Gwirani phazi la kasitomala atavala nsapato, mupeze fupa lotumphuka la m'munsi mwa chala chachikulu ndi la m'munsi mwa chala chaching'ono, muike zizindikiro ndi choko kunja kwa nsapato. Pakati pa pedulo payenera kugwera pakati pa zizindikiro ziwirizo, kapena kumbuyoko pang'ono. Ambiri amakankhira cleat kutsogolo mpaka kumapeto kwa mizere yake, ndipo mphamvu yonse imapanikiza timafupa ndi timitsempha ta m'munsi mwa zala.

Pa nsapato ya 45 ija vutoli limakula, pakuti mizere ya cleat imakhala patsogolo kuyerekeza ndi phazi lawo, moti ngakhale mutaibweza mpaka kumapeto ikhoza kukhalabe pansi pa zala. Pa 43 yambani ndi kuibweza mamilimita 5, kenako mutsitse chishalo mamilimita 2 kapena 3, popeza mwendo umatambasuka mowonjezera cleat ikabwerera kumbuyo. Muwachenjezenso kuti nsonga ya nsapato ikhoza kukhudza tayala lakutsogolo pokhota mwapang'onopang'ono, makamaka ngati felemu ndi yaing'ono. Chinanso muwafunse mmene amamangira. Ophunzira anga ambiri amakhwimitsa nsapato ponyamuka m'mawa phazi lili lozizira, osakumbukira kumasulako dzuwa likakwera. Apa ndi pamene kagudumu komangira nsapato kotchedwa Boa kamaposa zingwe, chifukwa munthu amamasula ali pa njinga, ngakhale kuti zingwe zimagawa bwino kupanikiza pamwamba pa phazi ndipo zikaduka zimapezeka pa msika uliwonse.

Makaniko wa ku Area 25

Mayi anena zomveka, koma ine ndikukayikira soli ya nsapato zonse ziwirizo. Cleat ya SPD ndi kachitsulo kakang'ono, ndipo soli ikafooka phazi limamva kachitsuloko ngati wapondera mwala umodzimodzi tsiku lonse. Gwirani nsapato kunsonga ndi kuchidendene muyese kuipinda. Ikapindika mosavuta cha pa cleat, yatha ntchito ngakhale pamwamba ikuoneka yatsopano, ndipo za kaunjika zambiri zimafika kuno zili choncho.

Komabe sindikuwalangiza kuthamangira soli ya carbon yolimba kwambiri ya ampikisano. Njira za ku Dzalanyama zili ndi malo amene munthu amatsika n'kukankha njinga pamiyala kapena kuwoloka mtsinje, ndipo pa mabampu a msewu wafumbi soli yosagonja imafikitsa kugwedezeka konse kuphazi. Soli ya nayiloni yolimbitsidwa, yokhala ndi mano a labala pansi, imakwanira munthu wopalasa maola anayi kapena asanu, ndiponso mtengo wake ndi wotsikirapo. Asapusitsidwe ndi manambala a kulimba amene makampani amalemba, chifukwa kampani iliyonse ili ndi muyezo wakewake ndipo 8 wa uyu si 8 wa uyo. Asagulenso ya mabawuti atatu, imeneyo ndi ya pa tala, siingamange pa mapedulo awo ndipo siyendeka pansi.

Wogulitsa nsapato ku msika wa Tsoka

Achimwene a ku Area 25, kaunjika musamunyoze yense. Ubwino wake ndi wakuti munthu amavala n'kuyendayenda asanalipire, zimene sangachite ndi nsapato ya pa intaneti. Kasitomalayo akhoza kubwera kudzayesa za makampani osiyanasiyana, adziwe imene ikugwirizana ndi phazi lake, ndipo pamenepo ndiye aitanitse yatsopano ya mtundu womwewo. Chimene ndikuvomereza n'chakuti muzivundukula insole muone kachitsulo kamene mabawuti amalowamo, chifukwa kawirikawiri kamakhala ndi dzimbiri kapena mazinga ake anadyeka.

Mayi wophunzitsa opalasa njinga, Area 47

Ndiwonjezere chimodzi. Ngati dzanzi likupitirira bambowo atatsika pa njinga, kapena amalimva ngakhale masiku amene sanapalase, apite kuchipatala akayezedwe, shuga ndi mitsempha yomwe. Zimenezo si za ife amasipanala.

Makaniko wa ku Biwi

Zikomo kwambiri nonse. Bambowo anabwera madzulo ndipo tawayeza: phazi lamanja ndi mamilimita 269, lamanzere 266. Pa insole ya 43 kutsogolo kwatsala mpata, koma chala chaching'ono cha kumanja chikugwera kunja kwenikweni. Ma cleat onse anali kutsogolo mpaka kumapeto, ndipo soli ya 45 ija yapindika m'manja mwanga popanda kulimbana nayo. Akuti dzanzi limatha akangovula nsapato. Tagwirizana kuti aitanitse 43 ya Wide, soli ya nayiloni, atayerekeza kaye muyezo wawo ndi tebulo la masaizi la kampaniyo. Pakadali pano abwerera ku 43 yakale ndi sokosi zopyapyala, cleat nditaibweza kumbuyo. Kodi mabawuti ake mumamanga mpaka pati?

Makaniko wa ku Area 25

Shimano amanena 5 mpaka 6 Nm (muyezo wa mphamvu yomangira bawuti), ndi Allen key ya mamilimita 4. Pakani girizi pang'ono pa mazinga, mumange mosinthanasinthana kuti cleat isapotoke, ndipo muwauze adzabwere mudzakhwimitsenso akapalasa ulendo woyamba. Bawuti imodzi ikagwa, cleat imakakamira mu pedulo n'kumangozungulira pansi pa nsapato ndipo phazi silituluka. Mvula ikayamba mu Disembala azichotsa matope a katondo m'mitu ya mabawutiwo akangofika kunyumba, chifukwa akaumiramo Allen key salowa.