Ndinasiya kumwa timapilisi ta magazi, kodi mwana zimukhudza?

Chisomo_94:
Moni nonse muno. Ndili ndi pathupi pa miyezi 6, ndi koyamba kumene. Kusikelo anandipatsa timapilisi tija ta ayironi kuti ndizimwa tsiku lililonse, ndinamwa mwina masabata atatu basi kenako ndinasiya. Chandilepheretsa ndi nseru, ndikangomeza m'mawa mkamwa mumangomveka ngati ndanyambita msomali wadzimbiri, kudzimbidwa ndiye osanena, ndipo chimbudzi chinada bii mpaka ndinachita mantha kuti mwina china chake chaphulika m'mimbamu. Apongozi anga atamva anati bola wasiya mwananga, mankhwala amenewo amakulitsa mwana udzavutika pochira mpaka akakuchite opaleshoni. Ineyo ndikudzimva bwinobwino kupatula kutopa ndi befu ndikangoyenda pang'ono, komanso chilakolako cha dothi chomwe sindikuchimvetsa kkkk. Pakadi analemba kuti Hb, kutanthauza mlingo wa magazi m'thupi, ndi 10.2. Funso langa ndi loti ngati ine ndikupirira, mwanayo zimamukhudza chani? Sindingamangodya bwino basi?

Mzamba_wakale:
Mwana wanga, mwachita bwino kufunsa koma mwasiya pa nthawi yolakwika kwambiri. Mwana ali m'mimba samangotenga ayironi wa lero lokha ayi, amasunganso nkhokwe, makamaka m'chiwindi mwake, ndipo gawo lalikulu la nkhokweyo amalitenga miyezi itatu yomalizayi, imene inu mukulowa panopa. Nkhokwe imeneyo ndi imene adzakhalire miyezi 4 mpaka 6 akabadwa, chifukwa mkaka wa m'mawere, ngakhale ndi wabwino chotani, ayironi muli wochepa zedi. Ndiye akatuluka ndi nkhokwe yoperewera, imatha msanga asanayambe kudya zina.

Mimba imodzi imafuna ayironi pafupifupi 1,000 mg yonse pamodzi. Pafupifupi 300 mg amapita kwa mwana ndi nsengwa, wina wambiri amapangira magazi anu owonjezera poti magazi a mayi woyembekezera amachuluka ndithu, wina amatayika pochira. Kuti zonsezi zichokere m'mbale yokha ndi zovuta, makamaka ngati munatenga pathupi nkhokwe yanu ili kale pansi, zomwe zimachitikira amayi ambiri chifukwa cha msambo. N'chifukwa chake WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, imati mayi aliyense woyembekezera azimwa 30 mpaka 60 mg ya ayironi pamodzi ndi 0.4 mg ya vitamini wotchedwa folic acid tsiku lililonse, kaya akudzimva bwino kaya ayi.

Hb yanuyo ya 10.2 yatsika kale. Malire ndi 11, pakati pa mimba amawatsitsako kufika 10.5 chifukwa magazi amasungunuka pang'ono, koma inu muli pansi pa zonsezi. Befu, kutopa ndi dothi mukulifunalo zonse zikuloza komweko. Mayi amene magazi achepa, mwana wake amatha kubadwa masiku osakwana, kutanthauza masabata 37 asanafike, kapena kubadwa wosakwana makilo 2.5. Inunso mukadzataya magazi pochira mulibe poyambira.

Za apongozi, ndi ulemu wonse, nkhani imeneyo ndinaimva kambirimbiri pa ntchito yanga ndipo si zoona. Ayironi sanenepetsa mwana, amangothandiza kuti asabadwe wochepa kwambiri. Ana aakulu mopitirira aja kawirikawiri ndi nkhani ya shuga kwa mayi kapena chibadwa cha makolo. Chimbudzi chakudacho musachiope, ndi ayironi wotsala amene thupi silinatenge. Chokhacho ngati chikunanda ngati phula, chikununkha modabwitsa ndipo m'mimba mukupweteka, pamenepo thamangirani kuchipatala.

Make_Tamanda:
Asisi ine ndinadutsamo momwemo, ndinkawabisa pansi pa matilesi mapilisiwo kuti bambo ake asadziwe kuti sindikumwa kkk, panopa sindiseka ndikakumbukira. Wanga anabadwa pa masabata 34, kamwana kake ngati botolo, timikono ngati chala changa chachikulu, thewera laling'ono kwambiri limamufika mkhwapa. Sindinganene kuti ndi mapilisi okhawo anachititsa, adokotala sananene choncho, koma Hb yanga inali 8 ndipo anandiika magazi nditachira. Mwanayo anamulembera ayironi wamadontho kwa miyezi yambiri, anandifotokozera kuti poti wafulumira kutuluka sanamalize kusonkhanitsa wake.

Mimba yachiwiri ndinachenjera. Anesi anandiuza kuti ndisamamwe m'mawa kumimba kulibe kanthu, ndizimwa usiku ndikadya, pogona penipeni, nseru imandipeza ndili mtulo basi. Ndiye china chomwe ndinalakwitsa koyamba, ndinkameza ndi tiyi wamkaka, kumeneko ndi kutaya mankhwala chifukwa tiyi, khofi ndi mkaka zimatsekereza ayironi kuti asalowe m'thupi. Muzisiyanitsa ndi maola awiri, mapilisiwo mezerani madzi kapena mudye ndi lalanje, vitamini C amathandiza. Kudzimbidwa ndinalimbana nako ndi madzi ambiri, zipatso ndi kuyendayenda, sikunatheretu koma kunali kopiririka.

Bambo_K:
Ine sindikutsutsa koma nthawi zina mumawopseza anthu. Akazi anga sanamwe ngakhale limodzi, ankangosanza, ndipo mwana anabadwa makilo 3.6 wamphamvu zake kulira kwake wodi yonse kumva. Agogo athu ankamwa mapilisi anji? Munthu akamadya nyama, nyemba ndi masamba si zokwanira?

Mzamba_wakale:
Bambo_K, tithokoze kuti zinayenda bwino, ndipo zimachitika ndithu, mwina mayiwo anali ndi nkhokwe yokwanira asanatenge pathupi. Koma sikelo imayeza makilo, siyiyeza ayironi. Mwana amatha kubadwa wonenepa bwino nkhokwe ili yochepa, chifukwa thupi lake limayamba lapereka ayironi ku magazi, ziwalo zina zidikire, ndipo ubongo umene ukukula mothamanga nthawi imeneyo umamufunanso. Zimenezi simuziona tsiku lobadwa, zimadzaoneka patapita miyezi, mwana zikope kuyera, kudya movuta, kufooka. Nsengwa imayesetsa kukondera mwana, imakoka ayironi ngakhale mayi akuperewera, koma mayi akachepekedwa kwambiri nayonso imalephera.

Chakudya ndi chofunika, sindikukana. Ayironi wa mu nyama ndi nsomba amalowa mosavuta, wa mu nyemba ndi masamba amalowa pang'ono chabe. Kwa munthu amene Hb yatsika kale ngati Chisomoyu, ndi miyezi itatu yatsalayi, mbale yokha siyingamukweze pa nthawi yake. Chiwindi chokha musachite nacho changu muli oyembekezera, muli vitamini A wambiri amene akachuluka amavulaza mwana. Za agogo athuzo, ifeyo timawerenga amene anapulumuka.

Nditi ndiwonjezere, Chisomo, mukadzapita kochira mufunse azamba kuti asafulumire kumanga ndi kudula mchombo. WHO imati adikire mphindi imodzi mpaka zitatu ngati mwana akupuma bwino, magazi amene atsala mu nsengwa amalowa mwa mwana ndipo amamuwonjezera nkhokwe ija. Ambiri amachita kale koma kufunsa sikulakwa.

Make_Tamanda:
Ndinaiwala, kabotoloko muzikaika patali ndi ana ang'ono ngati alipo pakhomopo. Timapilisito timaoneka ngati maswiti ndipo mwana akameza tambiri ndi poizoni weniweni, akhoza kufa. Ine ndimaika pamwamba pa wadiropu.

Chisomo_94:
Zikomo nonse, amayi Mzamba mwandiopseza koma mwandithandiza. Dzulo ndinapita kusikelo ndinaulula kuti ndinasiya, ndimayembekeza kukalipiridwa koma anesi anangopukusa mutu n'kundituma kulabu. Hb yafika 9.8, yatsikanso. Andiyezanso malungo poti akuti nawonso amamaliza magazi, alibe, ndipo andipatsa mankhwala a njoka za m'mimba. Akuti poti magazi achepa kale mlingo ukhala wokwererapo kuposa woyamba uja, ndibwerenso pakatha mwezi adzayezenso, ndipo zikakanika kapena ndikamasanzabe pali wina woika kudzera mu diripu. Dothi andiletsa, akuti nalonso limatsekereza ayironi ndipo limabweretsa njoka. Usiku wathawu ndamwa pogona monga ananenera Make_Tamanda, nseru inalipo pang'ono koma sindinasanze. Chatsala ndi apongozi, ndawauza bambo a kunyumba kuti akalankhule nawo okha, ine sindingayambe kkkk. Funso lina, mapilisi a kashiamu anandipatsanso aja ndizimwa nthawi yanji?

Mzamba_wakale:
Kashiamu muzimwa masana ndi chakudya, ayironi usiku, zisakumane chifukwa zimalimbirana polowera. Ndipo mukachira musataye kabotoloko, mufunse kuti mupitirize kwa miyezi ingati, nkhokwe yanu nayonso ikufunika kubwerera.