Bokosi la uthenga wa m'tsogolo: ndilisunge bwanji kuti lisaonongeke?

Moni nonse a m'gulu muno. Nzeru zandithera, ndiye ndati ndifunse kwa inu.

Ndikufuna kukwirira bokosi la makalata ndi zithunzi, lija amati time capsule, loti adzukulu anga adzatsegule pakadzatha zaka 30, adzaone mmene tinkakhalira. Vuto ndi chinyezi. Chaka chatha ndinayesa kaye ndi chigubu cha pulasitiki chotseka bwino. Nditafukula patatha miyezi 8, mapepala onse anali atachita chuku. Ndinayesanso chitini, koma nacho chinachita dzimbiri.

Chikundiopsa kwambiri ndi cha mumzinda wa Tulsa ku America: galimoto yomwe anakwirira mu 1957 anaipeza mu 2007 itadyeka ndi madzi, chonsecho inali m'chipinda cha konkire. A kampani ya Westinghouse anachenjera, bokosi lawo lomwe anakwirira ku New York mu 1938, loti lidzatsegulidwe mu 6939, katundu ali m'galasi lodzaza mpweya wa nitrogen. Koma zimenezo ine ndingazithe?

Tsono ndithandizeni: chotengera chabwino ndi chiti, ndipo m'kati ndiikemo chiyani choyamwa chinyezi? Nanga zithunzi ndiike pa fulashi kapena ndizisindikize? Kapena ndingolisunga m'nyumba osakwirira? Amene munayesapo, chonde ndiuzeni.