Chikwangwani cha 30 chilipo, koma magalimoto sakuchepetsa liwiro

Nachisale: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Msewu wodutsa pakati pa nyumba za anthu ndi sukulu ukaikidwa chikwangwani cha makilomita 30 pa ola, madalaivala n'kumathamangabe, pamafunika kutani? Nanga 30 ndi 50 zimasiyanadi kwenikweni?

Bambo Mbewe: Zimasiyana kwambiri, mayi. Dalaivala akaona mwana pamsewu, pamapita pafupifupi sekondi imodzi asanaponde buleki. Pa liwiro la 50, m'sekondi imeneyo galimoto yadya kale mamita 14. Pa 30, tala ali wouma, galimoto imakhala itaimiratu pamtunda womwewo. Ndiye kuti pomwe wa 30 waima, wa 50 sanayambe n'komwe kuchepetsa. N'chifukwa chake chikalata cha msonkhano wa mayiko wokambirana za chitetezo cha pamsewu ku Stockholm mu 2020 chinalimbikitsa 30 paliponse pamene magalimoto amasakanikirana ndi oyenda pansi. Mizinda ya Brussels ndi Paris inatsatira mu 2021.

Injiniya_Tembo: Dalaivala samvera chikwangwani, amamvera msewu. Ukakhala wotakata ndi wowongoka, mwendo umalemera wokha. Ikani mahampu, koma omangidwa bwino: pafupifupi mamita 3.7 m'litali motsata msewu, msinkhu masentimita 7.5 mpaka 10, okwera pang'onopang'ono. Aja aafupi ngati chipika amaswa magalimoto, amagwetsa anjinga zamoto, ndipo ena amangowalumpha mothamanga.

Hampu imodzi siikwanira, munthu akaidutsa amapondanso moto. Atalikirane mamita 60 mpaka 100. Zimene zimaiwalika kawirikawiri ndi izi: mpata wa madzi m'mbali, apo ayi mvula imadikha n'kudya tala, penti ndi magetsi kuti hampu izioneka usiku, komanso timizati m'mphepete, chifukwa popanda timeneti madalaivala amazemba n'kudutsa momwe mukuyenda anthu.

Nachisale: Nanga ambulansi ndi mabasi, bambo Tembo?

Injiniya_Tembo: Pamenepo ikani mahampu oduladula, osadzaza msewu wonse. Matayala a basi amapita m'mbali mwake, galimoto yaing'ono imakwerapo ndithu. Pakhomo la sukulu kwezani malo owolokera afanane ndi njira ya oyenda pansi, pamwamba pake pafulati. Kuchepetsa mbali iliyonse ya msewu kufika mamita 3 ndi kuika kachilumba pakati kumathandizanso, ana amawoloka mbali imodzi n'kupuma.

Bambo Mbewe: Musanamange, yezani liwiro kwa sabata yathunthu, usana ndi usiku, mudzayezenso pakatha miyezi ingapo. Musadalire avereji. Onani liwiro limene magalimoto 85 mwa 100 sakupitirira. Likakhalabe pamwamba pa 40, mahampu atalikirana kwambiri kapena ndi otsika.