Ampu ikungowotcha ma 5200, ndalakwitsa pati?

Wophunzira wa ku Ndirande: Akuluakulu ndithandizeni. Ndapanga ka ampu (amplifier) kanga ka ma output awiri, ma transistor akuluakulu opereka mphamvu ku sipika aja, 2SC5200 ndi 2SA1943, thiransifoma ya 24-0-24. Kanaimba bwinobwino masabata atatu kenako tsiku lina fyuzi phwa. Ndinasintha ma output onse awiri, kungoyatsa chonchi atentha pompo kununkha, ndagulanso ena apsanso sipika ndisanalumikize nkomwe. Ndalama zandithera, panopa ndatsala ndi peya imodzi yomaliza ndipo ndikuopa kuiika.

Mani wa ma sub: Feki amenewo aise. Ma 5200 ambiri akugulitsidwa masiku ano angolembapo Toshiba pamwamba. Tenga imodzi yopsayo uiswe ndi pulayazi, ukapeza kachitsulo ka mkati kakang'ono ngati njere ya mpunga udziwe kuti anakubera.

Fundi wakale: Feki alikodi, koma feki amafa ukakweza voliyumu, osati pongoyatsa popanda sipika. Mphwanga, peya yatsalayo usaiike kaye. Choyamba undiuze, ma transistor ukumawayeza bwanji, ali pa bodi kapena utawachotsa?

Wophunzira wa ku Ndirande: Pa bodi pomwepo madala, mita ndimaika pa kolira kaja, ikalira ndimati yapsa.

Fundi wakale: Ayi, pa bodi mita imanama chifukwa imawerengera limodzi ma resistor ndi zina zonse zolumikizana nayo. Ichotse, uigoneke zolemba zikuyang'ana iwe miyendo pansi, kuchokera kumanzere ndi base, collector, emitter. Mita ika pa diode. Pa 5200 chingwe chofiira pa base, chakuda pa collector kenako pa emitter, uone pafupifupi 0.5 mpaka 0.6 konseko. Ukatembenuza zingwe pakhale OL, kutanthauza kuti palibe chikudutsa. Pa 1943 ndi chimodzimodzi koma chakuda ndiye chipite pa base poti ndi PNP. Pomaliza collector ndi emitter, mbali zonse ziwiri pakhale OL, pakaoneka 0.00 ndiye shoti imeneyo. Uyeze choncho ma driver ako, ma transistor ang'onoang'ono oyendetsa ma output aja, komanso ma resistor oyera akuluakulu aja a 0.22, nthawi zambiri output ikamafa imapita nawo. Ma capacitor akulu uyambe wawatsitsa moto, amasunga ma 33V mbali iliyonse ngakhale utazimitsa.

Mayi wa ma TV: Ndiwonjezereko, mica, kapepala kotchinga moto pakati pa transistor ndi heatsink (chitsulo choziziritsa chija), uli nayo? Kumbuyo kwa 5200 kuja ndi collector, ndiye imodzi ili pa +33 inayo pa -33, zikakhudza heatsink imodzi popanda mica ndi moto basi. Mica ikang'aluka pang'ono pokha pomanga sikuluwu sizioneka ndi maso, yeza pakati pa mwendo wapakati ndi heatsink, isalire.

Wophunzira wa ku Ndirande: Ndayeza zonse amayi. Mica ili bho siikulira. Ma driver TIP41C ndi TIP42C ndawachotsa akuwerenga bwino onse, 0.22 imodzi ndiye yaduka ndasintha. Ndiike peya ija tsopano?

Mani wa ma sub: Ika mani, vuto linali resistor yo

Fundi wakale: Resistor yaduka chifukwa cha moto, siyo yayambitsa moto. Ika, koma udzere pa babu. Peza babu lakale lija la kawaya mkati, la 60W kapena 100W, osati la LED kapena energy saver, amenewo sagwira ntchitoyi. Ulilumikize motsatana pa waya wa live wopita ku thiransifoma, ukulunge bwino ndi tepi poti pamenepo ndi 230V si zamasewera. Ukayatsa, ngati zinthu zili bwino babu liwala kamodzi kenako lizilala, likapitiriza kuwala kwambiri ndiye kuti penapake pakukoka moto koma babu lawugwira, ma transistor ako sapsa. Ine langa ndimalisunga ngati dzira, mababu amenewa akusowa masiku ano.

Wophunzira wa ku Ndirande: Babu ndalipeza kwa agogo kkkk la kubafa. Ndayatsa likuwala ngwee osazilala, ma output ayamba kufunda ndazimitsa msanga.

Fundi wakale: Eya, ndiye tayandikira. Pali ka transistor kakang'ono kamene unamangirira pa heatsink pafupi ndi ma output, mwina BD139, kali ndi ka preset (ka resistor kopotokola) pambali. Ka transistor kameneko ndi ka bias, ntchito yake ndi kugwira ma base a mbali ziwirizo kuti asatalikirane kwambiri. Kakaduka, mbali ya pamwamba ndi ya pansi zimatseguka nthawi imodzi, moto umangodutsa kuchokera ku +33 mpaka ku -33 kudzera mwa ma output ako, sipika ilipo kaya palibe. Kayang'ane miyendo yake ndi timawaya take.

Wophunzira wa ku Ndirande: Madala!! Mwendo wa collector wa BD139 wathyokera mkati mwa ka sleeve, kunja kumaoneka ngati uli bwino. Ndikuganiza unathyoka tsiku lomwe ndinanyamula ampu pa kabaza kupita nayo ku chinkhoswe, heatsink inkagwedera. Ndaika ina, babu likuwala kamodzi nkuzilala.

Mayi wa ma TV: Usathamangire sipika. Yeza DC pa output kaye, ikhale pafupi ndi 0, ma millivolt ochepa chabe. Ukapeza ma volt angapo sipika yako ikhoza kupsa coil.

Fundi wakale: Ndipo bias uikonze. Preset uyambire kotsika, mita pa mV uike mbali ziwiri za 0.22 imodzi, uzikweza pang'onopang'ono mpaka 10mV, imeneyo ndi pafupifupi 45mA. Zikakhazikika chotsa babu uyezenso, dikira mphindi 15 itenthe uonenso ngati nambala siikukwera yokha. Ikamakwera ndiye kuti BD139 siikugunda bwino heatsink, ipake paste yodutsitsa kutentha ija.

Mani wa ma sub: Komabe iswe imodzi yopsayo tione mkati, ine ndikukakamirabe kuti ndi feki kkkk

Wophunzira wa ku Ndirande: DC ili pa 18mV, bias yakhazikika pa 10. Ndiswa mawa mani, panopa magetsi angozima ndisanamve ndi nyimbo imodzi yomwe.