Chikwangwani ndili nacho, koma makasitomala akungodutsa

Wa ku Kamuzu Road: Abale, ndatsegula kalesitilanti kuno ku Salima. Ndinalipira wojambula kuti alembe dzina ndi nsomba yaikulu pakhoma, koma anthu akungopita kwa mayi ena apafupi amene alibe ngakhale dzina pakhomo. Ndikulakwitsa pati?

Mlongo wa ku Senga Bay: Achimwene, mayi otero amalawirira okha kunyanja kukasankha chambo, amatsegula makha kuona ngati ali ofiira. Ukadya kawiri, ulendo wachitatu akudziwa kale kuti sufuna tsabola, ndipo mutu wa nsomba amakusungira osawapempha. Ine ndimawatcha "Amayi a mutu", dzina lawo lenileni sindinalifunsepo.

Dalaivala wa pa M5: Kwathu ku Nkhotakota ndimaima pamalo amodzi chifukwa cha kondowole basi. Inu mukuphika zingati? Sankhani chimodzi, kaya mpunga wa ku Lifuwu, chizikoma mofanana tsiku lililonse.

Wa ku Kamuzu Road: Zisanu ndi zitatu, bwana. Tchipisi chomwe.

Dalaivala wa pa M5: Eee, mafuta ake omwewo mukukazingira nsomba?